Kasokedwe ka Chofunda cha Zigamba

Chofunda cha zigamba, chimene ena amachitcha quilt, chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikizana. Yapamwamba ndi ija ya tizigamba tolumikizana timene timaonetsa kukongola kwa chofundacho. Yapakati ndi yofewa, yosunga kutentha. Yapansi ndi nsalu wamba imene imakhudza thupi. Zitatuzi zimasokedwa pamodzi kuti zisaterereke, kenako m'mbali monse mumakutidwa ndi mpendero. Tizigamba ta pamwamba timayamba tasonkhanitsidwa m'magulu a mbali zinayi zofanana otchedwa mabuloko, ndipo mabulokowo ndi amene amalumikizidwa m'mizere mpaka nsalu yonse itakwana.

Misoko yonse ya ntchitoyi ndi yowongoka, palibe wokhota kapena wofuna luso lapadera. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi muyezo. Msoko ukalowa mkati ndi milimita imodzi yokha kuposa mmene uyenera kukhalira, umadya mamilimita 2, imodzi ku nsalu iliyonse. Buloko la misoko iwiri limachepa ndi mamilimita 4, ndipo pofika polilumikiza ndi linzake ngodya zimaphonyana, nsalu n'kuyamba kukwinyika. Choncho malangizowa akhalitsa kwambiri pa kudula, kuyeza msoko ndi kusita, chifukwa kumeneko n'kumene chofunda chimakomera kapena kuwonongekera.

Tisoka chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 210 m'litali, chokwana bedi la munthu mmodzi n'kulendewerako m'mbali. Chili ndi mabuloko 35, asanu mopingasa ndi 7 motsika, lililonse masentimita 30 mbali zonse likasokedwa. Mabuloko 18 ndi a tizigamba 9, titatu m'mizere itatu: tisanu ta nsalu yodera m'ngodya zinayi ndi pakati, tinayi ta nsalu yowala m'mipata yotsalayo. Mabuloko 17 otsala ndi zigamba zazikulu zathunthu za nsalu yowala. Mukaziika mosinthanasinthana, tizigamba todera timalumikizana ngodya ndi ngodya n'kupanga unyolo wodutsa mopendekera chofunda chonse. Kwa woyamba kumene dongosololi ndi labwino koposa, chifukwa theka la mabuloko silifuna kusoka, koma chofunda chimaoneka ngati chinatenga ntchito yaikulu.

Nsalu ndi zipangizo

Sankhani nsalu ya thonje yolukidwa, yopepuka ngati ya malaya, yosatanuka. Thonje limamvera simbi, limagwira mzere umene mwalipinda, ndipo siliterera pansi pa phazi la makina, kachitsulo kamene kamakanikiza nsalu posoka. Nsalu zotanuka ndi zoterera zisiyeni kaye. Chofunikanso ndi choti nsalu zonse zikhale zolemera mofanana: yokhuthala ikasokedwa ndi yopyapyala, yopyapyalayo imang'ambika pa msoko chofunda chisanakalambe. Ngati mukugwiritsa ntchito zovala zakale, ziyang'aneni pa kuwala. Paliponse pamene kuwala kukudutsa kwambiri ndi potha, dulani mutaye.

Miyezo iyi ndi ya nsalu ya masentimita 110 m'lifupi, imene ikachapidwa n'kuchotsedwa m'mphepete imatsala pafupifupi 105. Yodera mufunika mamita 1.4, yowala mamita 3.2, yapansi mamita 5, ndipo ya mpendero masentimita 60. Yapakati, imene ogulitsa amaitcha batting, ikhale masentimita 170 ndi 230. Ilipo ya thonje ndi ya poliyesita. Ya thonje imagona bwino, imalemerako ndipo siivuta pa makina. Ya poliyesita imapepuka, imauma msanga, koma ikakhala yokhuthala kwambiri imavuta kulowetsa pansi pa singano. Bulangete lopyapyala lochapidwa kale limagwiranso ntchitoyi bwinobwino, bola lisakhale lotanuka.

Kusiyana kwa nsalu yodera ndi yowala n'kofunika kuposa mtundu weniweniwo. Nsalu ziwiri zikhoza kukhala yofiira ndi yobiriwira koma zodera mofanana, ndiye unyolo uja sudzaoneka. Ziyalani pamodzi, mubwerere m'mbuyo mamita atatu, mutsinzine pang'ono. Zikasakanikirana m'maso, sinthani imodzi. Njira ina ndiyo kuzijambula ndi foni n'kuchotsa mitundu pa chithunzicho kuti chitsale choyera ndi chakuda. Tizigamba todera tikhoza kuchokera ku nsalu zosiyanasiyana, ngakhale khumi, malinga zonse zikhale zodera.

Mufunikanso makina osokera kapena singano yamanja, ulusi wa thonje wotuwa kapena wa mtundu wa mkaka umene suonekera kwambiri pa nsalu iliyonse, singano ya makina ya nambala 80/12 polumikiza ndi 90/14 posoka nsalu zitatu pamodzi, mapini owongoka, mapini otseka pafupifupi 300, simbi, rula yaitali, pensulo kapena choko, ndi sizasi yakuthwa yosadulira china chilichonse koma nsalu. Chodulira cha kagudumu, chogwiritsa ntchito ndi rula yoonekera ndi mphasa yake yodulirapo, chimafulumizitsa ntchito ndipo chimadula molondola. Mpeni wake ndi wakuthwa kwambiri: muziutseka nthawi iliyonse mukauika pansi, ndipo muzidula moukankhira kutsogolo, osati moukokera kwa inu.

Chapani nsalu zonse musanadule, iliyonse payokha. Thonje limafupika likachapidwa koyamba, ndipo nsalu zosiyana zimafupika mosiyana. Zofiira ndi zabuluu wodera kawirikawiri zimachucha utoto. Kuti mudziwe, nyowetsani kachidutswa, mukaike pakati pa nsalu yoyera, mukanikize ndi simbi yotentha. Utoto ukatsala pa nsalu yoyerayo, chapaninso mpaka madzi atayera. Ikakana kusiya kuchucha, musaiike m'chofunda chokhala ndi nsalu yowala yochuluka chonchi. Sitani nsalu zikadali ndi kachinyezi kuti makwinya achokeretu.

Kudula

Msoko wa ntchito yonseyi ndi masentimita 0.75, ndiye kachigamba kalikonse kamadulidwa mowonjezera 1.5 pa muyezo wake womaliza. Kachigamba ka masentimita 10 kadulidwe 11.5, chigamba cha 30 chidulidwe 31.5. Amene amayeza ndi mainchesi amasiya kota ya inchi pa msoko n'kuwonjezera theka la inchi podula. Njira zonsezi ndi zabwino, koma sankhani imodzi. Mukazisakaniza mabuloko sadzakumana.

Dulani muchotse m'mphepete mwa nsalu momwe fakitale inaluka molimba muja, chifukwa mumafupika mosiyana ndi nsalu yonse ndipo mumakoka msoko. Kenako wongolani mbali imodzi kuti ikhale yolunjika bwino ndi ulusi wa nsaluyo. Nsalu yolukidwa siitanuka motsata litali lake, imatanuka pang'ono mopingasa, koma imatanuka kwambiri mukaikoka mopendekera. Kachigamba kodulidwa mopendama ngakhale pang'ono kamafutukuka posoka ndipo sikabwereranso.

Simuyenera kudula tizigamba 162 kamodzikamodzi. Dulani malamba a masentimita 11.5 mopingasa nsalu, kuchokera mphepete ina kufika ina: 10 a nsalu yodera ndi 8 a yowala. Lamba aliyense ayenera kukwana masentimita 104 kapena kuposa kuti atulutse tizigamba 9. Ngati nsalu yanu ndi yochepa m'lifupi, onjezani malamba. Podula nsalu yopinda pawiri, onetsetsani kuti rula yaima molunjika ndi popindapo, apo ayi lamba akatambasulidwa amakhala ndi chigongono pakati. Tambasulani lamba woyamba mumuone musanapitirize. Pa nsalu yowala yotsala dulani malamba 6 a masentimita 31.5, muwadulenso kukhala zigamba 17 za 31.5 mbali zonse.

Ngati mukudula ndi sizasi kapena mukugwiritsa ntchito zidutswa zing'onozing'ono, pangani chikombole cha katoni yolimba cha masentimita 11.5, muzilemba mochizungulira ndi pensulo yosongoka kumbuyo kwa nsalu, ndi kudula mkati mwenimweni mwa mzerewo. Katoni imadyeka m'mbali, choncho pangani zikombole zingapo ndi kumasintha. Mwanjira iyi mufunika tizigamba 90 todera ndi 72 towala.

Kuyesa msoko

Musadumphe gawo ili. Ikani rula pansi pa phazi la makina, mutsitse singano pang'onopang'ono ndi dzanja mpaka ikhudze pa masentimita 0.75 kuchokera m'mphepete mwa rulayo, ndipo mumate tepi ya pepala pa makina motsatira mphepeteyo. Mukamata zigawo zingapo za tepi pamwamba pa zinzake, pamakhala kakhoma kamene nsalu imatsamira poyenda. Musadalire m'lifupi mwa phazi la makina, chifukwa mapazi amasiyana.

Tsopano dulani tizigamba titatu ta 11.5 pa nsalu yotsala, mutilumikize mu mzere, musite, muyeze. Tonse pamodzi tikhale masentimita 31.5, ndipo kapakati kaoneke masentimita 10 enieni. Muyezo ukachepa, msoko wanu ndi waukulu: sunthirani tepi kufupi ndi singano. Ukapitirira, isunthireni kutali. Nthawi zambiri mupeza kuti msoko uyenera kuchepako ndi ulusi umodzi kapena awiri, chifukwa kupinda kwa nsalu pa msoko kumadyanso malo. Bwerezani mpaka muyezo utakwana. Sitichi ikhale ya mamilimita 2. Yaitali kuposa apo imamasuka malamba akadulidwa, yaifupi kwambiri imavuta kusomola mukalakwitsa.

Kusoka mabuloko

Lumikizani malamba atatuatatu m'litali mwake, kumaso kwa nsalu kutayang'anizana. Magulu anayi akhale a lamba wodera, wowala, wodera. Magulu awiri akhale a wowala, wodera, wowala. Msoko woyamba mukausoka kuchokera kumtunda, wachiwiri muusoke kuchokera kumunsi. Mukasoka yonse kulowera kumodzi, gulu lonse limapindika ngati uta, chifukwa mano a makina, amene amayendetsa nsalu pansi pa phazi, amakoka nsalu yapansi mofulumirako kuposa yapamwamba. Musakoke nsalu kapena kuikankha, manja anu angoilondolera.

Kusita kwa ntchitoyi n'kosiyana ndi kusita malaya. Simbi siiyenda uku ndi uku, imatsika, kukanikiza, n'kunyamuka. Kuikhwekhwereza kumatambasula nsalu, makamaka ngati muli nthunzi. Yambani mwakanikiza msoko uli chitsekere monga watulukira pa makina, kuti ulusi ukhazikike m'nsalu. Kenako tsegulani nsalu yapamwamba, muigonetse ndi chala, mukanikize kuchokera kumaso kuti pasatsale kakhwinya kobisala pa msoko. Zotsala za msoko zonse zigonere ku nsalu yodera. Izi zimathandiza pawiri: mthunzi wa nsalu yodera suonekera pansi pa yowala, ndipo misoko ya magulu awiri aja imayang'ana mosiyana, zimene mudzazifune posachedwa. Yezani gulu lililonse m'malo atatu kapena anayi, likhale 31.5 paliponse.

Wongolani nsonga ya gulu, kenako mulidule mopingasa kukhala timizere ta masentimita 11.5. Kamzere kalikonse kali ndi tizigamba titatu tolumikizana kale. Mupeza timizere 36 toyamba ndi kachigamba kodera ndi 18 toyamba ndi kowala. Mukadula timizere titatu, onaninso ngati nsonga ikadali yolunjika ndi misoko, chifukwa rula imasuntha pang'onopang'ono osadziwa.

Buloko lililonse limatenga timizere tiwiri ta mtundu woyamba, kumwamba ndi kumunsi, ndi kamodzi ka mtundu wachiwiri pakati. Mukaphatikiza timizere tiwiri kumaso ndi kumaso, misoko yake imakumana wina utagonera kumanja wina kumanzere. Itsinani ndi zala mpaka mumve kuti yakhomana, popanda mpata kapena chotupa. Bayani pini pamenepo, poyamba pa misoko, kenako kunsonga. Kukhomana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti ngodya zinayi zikumane pamalo amodzi. Ngati kamzere kena katalikirako pang'ono, kaikeni pansi, mano a makina adzameza kutalikako. Chotsani pini singano isanafike, chifukwa singano ikaomba pini imathyoka ndipo kachidutswa kakhoza kuulukira m'maso.

Sokani mabuloko motsatizana osadula ulusi: kamzere kena kakatuluka, lowetsani kena, mudzadule pomaliza. Ulusi sutayika ndipo makina sameza ngodya za nsalu poyamba msoko. Misoko iwiri yomalizayi muisitire kunja, kutali ndi kamzere kapakati.

Yezani buloko lililonse, likhale 31.5 mbali zonse. Lopitirira ndi milimita imodzi kapena awiri likhoza kusadzulidwa mofanana mbali zonse. Lochepa ndi mamilimita 2 likhoza kulowa mukalibaya mapini bwino. Lochepa ndi mamilimita oposa 3 lisomoleni mulisokenso. Mabuloko onse 18 akachepa mofanana, mwachitsanzo onse 31, musavutike kusomola: sadzulani zigamba zazikulu zija zikhale 31 nazonso. Chofunda chidzachepa pang'ono koma chidzagona bwino.

Kulumikiza nsalu yapamwamba

Yalani mabuloko onse pansi. Mzere woyamba uyambe ndi buloko la tizigamba ndi kutha nalo, wachiwiri uyambe ndi chigamba chachikulu, mpaka mizere 7. Ngodya zinayi za chofunda zidzakhala za tizigamba. Ngati nsalu zodera ndi zosiyanasiyana, sinthanitsani mabuloko kuti mtundu umodzi usaunjikane mbali imodzi. Jambulani chithunzi, ndipo mubaye kapepala ka nambala pa buloko loyamba la mzere uliwonse.

Sokani mzere umodziumodzi. Misoko yonse muisitire ku zigamba zazikulu, ndipo mudzapeza kuti mizere ikaphatikizidwa misoko ikukhomana yokha. Polumikiza mizere bayani mapini pa msoko uliwonse, kenako pakati pa mabuloko. Ndi bwino kulumikiza mizere iwiriiwiri, kenako zigawozo, kusiyana ndi kumawonjezera mzere umodzi pa chinsalu chimene chikulemera nthawi zonse. Apanso sinthanitsani kolowera misoko. Mukamaliza, sokani mzere wozungulira nsalu yonse mamilimita 3 kuchokera m'mphepete kuti misoko ya kunja isamasuke. Tembenuzani nsaluyo mudule ulusi wonse wolendewera, makamaka wodera, chifukwa umadzaonekera pansi pa nsalu yowala chofunda chitatsekedwa kale.

Kusanjikiza

Dulani nsalu yapansi mopingasa ikhale zidutswa ziwiri, chilichonse chotalika masentimita 230 kapena kuposa, muchotse m'mphepete, muzilumikize ndi msoko wa masentimita 1.5, musite msokowo motsegula. Isadzuleni ikhale 170 ndi 230. Nsalu yapansi ndi yapakati zimapitirira yapamwamba ndi masentimita pafupifupi 10 mbali iliyonse chifukwa nsalu zimasuntha posoka, ndipo palibe chowawa ngati kupeza kuti yapansi yapereweza pa ngodya ntchito itatha. Yapakati muitambasule tsiku limodzi kuti mapindo ake aphwe.

Yalani nsalu yapansi pa malo osalala ndi oyera, kumaso kwake kutayang'ana pansi. Imateni ndi tepi m'mbali, yosalala koma yosakokedwa. Mukaikoka kwambiri idzabwerera mukachotsa tepi ndipo yapamwamba idzatumphuka. Mukaisiya yolobodoka, kumbuyo kudzakhala mapindo osokereka. Ikani yapakati pamwamba pake, muisalaze ndi manja kuchokera pakati kupita kunja, kenako yapamwamba kumaso kutayang'ana kumwamba. Onani ndi rula kuti misoko yaitali yawongoka.

Bayani mapini otseka kuyambira pakati, motalikirana masentimita 10, pafupifupi m'lifupi mwa chikhato, ndipo pini iliyonse igwire nsalu zonse zitatu. Pewani malo amene mudzadutse ndi makina. Ngati mudzasoka ndi manja, gwirizitsani ndi ulusi woyera m'malo mwa mapini, masitichi aataliatali a masentimita 4 kapena 5 m'mizere yopingasana. Ulusi wa mtundu ukhoza kusiya utoto m'mabowo. Musananyamule, suzumirani kumbuyo. Khwinya limene mwaliona pano silidzachoka lokha.

Kusoka nsalu zitatu pamodzi

Misoko imeneyi ndi imene imagwira yapakati kuti isang'ambike ndi kuunjikana m'mabulumwa pochapa. Paketi ya batting imanena kutalikirana kwa misoko kumene imalola. Ngati mulibe uthengawo, musasiye malo osasoka oposa masentimita 10.

Pa makina, ikani singano ya 90/14, sitichi ya mamilimita 3, ndipo ngati mungathe gwiritsani ntchito phazi lotchedwa walking foot, limene limayendetsa nsalu yapamwamba pamodzi ndi yapansi. Phazi wamba limakankha yapamwamba kutsogolo mpaka ipange pindo pamene misoko ikupingasana. Ngati mulibe, chepetsani kukanikiza kwa phazi ngati makina anu amalola, onjezani mapini, ndipo muziyenda pang'onopang'ono. Yesani kaye pa zidutswa zitatu zotsala kuti muone ngati ulusi wa pamwamba ndi wa bobini ukumangana mkati mwa nsalu.

Pa chofunda ichi mizere yopendekera ndiyo imakoma. Sokani kudutsa ngodya ndi ngodya za tizigamba todera motsatira unyolo uja, mbali zonse ziwiri, kenako muwonjezere mizere ina yofanana nayo yodutsa m'zigamba zazikulu, motalikirana masentimita 7. Matani tepi ya pepala ngati cholondolera, musoke m'mbali mwake, muichotse tsiku lomwelo isanasiye zomata. Mizere yopendekera imadutsa kumene nsalu imatanuka, choncho musakoke. Woyamba kumene akhoza kusankha mizere yowongoka yotsata misoko ya tizigamba n'kupitirira m'zigamba zazikulu, ndipo imeneyi imatalikirana masentimita 10 yokha.

Yambani ndi mzere wapakati, muzipita kumanja, kenako mutembenuze chofunda mumalize theka linalo. Mbali yolowa m'khwapa mwa makina muikulunge. Kulemera kwa chofunda kukhale pa tebulo kapena pa mpando woika pambali, chifukwa chikalendewera chimakoka singano, masitichi n'kumafupika ndi kukhota. Poima, siyani singano ili m'nsalu.

Ndi manja, gwiritsani ntchito singano yaifupi yolimba, ulusi wosaposa masentimita 45 kuti usapotane, ndi chotetezera chala. Mangani kamfundo kakang'ono, mulowetse singano masentimita 2 kuchokera poyambira, mukoke mpaka mfundoyo itaphulikira mkati n'kubisala mu yapakati. Masitichi akhale ofanana. Kufanana kumaposa kuchepa, ndipo kuchepako kumadza kokha dzanja likazolowera. Njira yachangu kuposa zonse ndi yomanga mfundo: ndi ulusi wokhuthala, lowetsani singano pansi ndi kuitulutsa mamilimita 5 kuchokera pomwe inalowera, mubwereze kachiwiri pomwepo, mumange mfundo yosapulumuka, musiye michira ya masentimita 2. Chitani zimenezi pa masentimita 10 aliwonse. Njirayi imayenera yapakati yokhuthala kapena bulangete.

Mpendero

Chotsani mapini onse. Sadzulani yapakati ndi yapansi zilingane ndi yapamwamba, ndipo ngodya iliyonse muiyeze ndi chinthu cha ngodya yolunjika.

Kuzungulira chofunda ndi masentimita pafupifupi 726, ndiye mufunika mpendero wa 760. Dulani malamba 8 a masentimita 6 m'lifupi. Alumikizeni mopendekera: ikani nsonga ziwiri kumaso ndi kumaso mopingasana, musoke kuchokera ngodya ina kufika ina, mudule zotsala, musite motsegula. Msoko wopendekera umamwaza kukhuthala, pamene wowongoka umapanga chotupa pamalo amodzi. Pindani lamba yense pakati m'litali, kumaso kuli kunja, musite. Mpendero wa nsalu ziwiri chonchi umakhalitsa, ndipo m'mphepete ndi momwe chofunda chimayambira kutha.

Yambirani pakati pa mbali imodzi, osati pa ngodya. Mbali yosapinda ya mpendero ilingane ndi mphepete mwa chofunda kumaso kwake. Siyani mchira wa masentimita 20 wosasoka, ndipo musoke ndi msoko wa 0.75. Mukatsala masentimita 0.75 kufika pa ngodya, imani, bwererani masitichi atatu, dulani ulusi, tulutsani chofunda. Pindirani mpendero m'mwamba kuti upange mzere wopendekera wolunjika pa ngodya, kenako muutsitse motsatira mbali yotsatirayo, popindapo patalingana ndi mphepete ya kumtunda. Yambani kusoka kuchokera pamwamba penipeni. Mukapitirira malo oimira aja ngodya siipindika, mukaima msanga imakhala yobulungira.

Mukatsala masentimita 30 kufika poyambira, imani. Gonekani michira iwiri pa mphepete, wina pamwamba pa unzake, ndipo mudule kuti ipitirirane ndi masentimita 6, muyezo wa m'lifupi mwa lamba asanapindidwe. Tambasulani michirayo, muiphatikize mopingasana kumaso ndi kumaso, mubaye mapini, musoke mopendekera. Musanadule zotsala, gonekani mpendero muone ngati wakwana ndiponso ngati sunapotoke. Kenako dulani, pindaninso, mumalize kusoka.

Tembenuzirani mpendero kumbuyo kuti uphimbe msoko, muusokerere ndi manja ndi ulusi wofanana nawo mtundu. Singano itole nsalu yapansi yokha osatulukira kumaso, masitichi atalikirane mamilimita 5. Pa ngodya pindani mbali imodzi kenako inayo, khwinya la kumbuyo liyang'ane kosiyana ndi la kumaso kuti pasakhuthale, ndipo mulitseke ndi masitichi awiri kapena atatu. Chofunda cha mwana, chimene chidzachapidwa kawirikawiri, ndi bwino kuchisokera mpendero ndi makina mbali zonse: yambani kumbuyo, mutembenuzire kumaso, musoke pafupi ndi popindapo.

Chapani chofunda m'madzi ozizira ndi sopo wofatsa, osachipotokola. Chikanyowa chimalemera kwambiri, choncho chinyamuleni chonse pamodzi, osachikoka ndi ngodya, chifukwa kulemerako kumadula masitichi. Chiyanikeni chogona pa malo oyera kapena mochitambasula pa zingwe ziwiri kapena zitatu, pamthunzi kuti mitundu isasuluke. Yapakati ikakhala ya thonje, chofunda chimatuluka ndi timakwinya tating'ono m'mbali mwa misoko chikachapidwa koyamba. Si vuto, ndi thonje limene lafupikako. Pochisunga chikulungeni mu nsalu ya thonje, osati mu pulasitiki imene imasunga chinyezi n'kubweretsa nkhungu, ndipo muzisintha mopindamo nthawi ndi nthawi kuti mzere umodzi usathe. Sungani zotsala za nsalu iliyonse zochapidwa kale: kachigamba kakadzang'ambika, mudzadule kena ka masentimita 11.5, mupinde m'mbali mwake 0.75, mukasokerere ndi manja pamwamba pa kakaleko, ndi kubwezeretsa msoko wodutsapo.